Mutu 7: Fatsani Atsekula Wayilesi ya Amalume

1. Makutu awiri, wayilesi imodzi

M'chaka chimene nyanja ya Chilwa inayamba kuthawa gombe, mabwato n'kumatsala pamatope ngati ng'ombe zogona, pakhomo pa a Gerishomo panali chinthu chimodzi chimene ankachisamala kuposa mpando wa alendo. Chinali wayilesi.

Inali yaikulu, yakuda, ya chogwirira chachikopa. A Gerishomo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni kalekale. Maso awo tsopano anali atachita ng'ala, koma wayilesiyo ankaidziwa ndi zala.

Nyumba zawo zinali kumapeto kwenikweni kwa minda ya mpunga, kutali ndi msewu. Komabe uthenga wa matenda kaya wa maliro ukaulutsidwa, wokhudza munthu aliyense wa kwa Mwambo, oyamba kuumva ankakhala iwo. Ankatuma Fatsani, mwana wa mlongo wawo, kuti apalase njinga kukauza eni ake. Anthu anafika pozolowera. Ankati khutu la mudzi lili kwa a Gerishomo.

Fatsani anali atalemba mayeso a Folomu 4 chaka chathacho. Ntchito inali isanapezeke. Masana ankaingitsa mbalame kumpunga, koma mbalame zinkadya mwamtendere, poti mwini wake maso amakhala ali kumitambo.

Sabata imeneyo anthu awiri ankadikira wayilesi pakhomopo.

Oyamba anali mayi ake a Fatsani. Mwana wawo wamkulu, Mariya, anali atagonekedwa m'chipatala ku Blantyre. Mwamuna wake, Aubrey, anali atanena kuti, "Amayi, pitani mukakolole mpunga. Zikasintha kuno nditumiza uthenga pawayilesi. Mukangoumva, kwerani galimoto." Chiyambire tsiku limenelo, nthawi ya mauthenga ikakwana, amayiwo ankasiya chilichonse n'kukhala pamkeka, manja pachifuwa.

Wachiwiri anali Fatsani yemweyo. Emma, mtsikana amene anamulanda tulo, anali atapita ku Limbe kukaphunzira kusoka. Tsiku lonyamuka Fatsani anamufunsira kachitatu. Emma anaseka, n'kuyang'ana kumbali.

"Pakamwa sindiyankha," anatero. "Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa udzamvere pologalamu ya moni. Ukadzamva dzina lako, udzadziwe kuti ndalola. Ukadzapanda kulimva, usadzandifunsenso."

Loweruka lake linali la sabata yomweyo.

Ndiye Lachinayi m'mawa, a Gerishomo atapotokola chotsekulira, wayilesi inangoti fwaaa, ngati mvula padenga la malata. Anayendetsa singano uku ndi uku. Panalibe munthu woyankhula, panalibe nyimbo, ngakhale ya Chipwitikizi ya ku Mozambique imene inkalowerera nthawi zonse osaitanidwa.

2. Chenjezo la amalume

"Fatsani! Bwera ndi maso akowo kuno," anaitana a Gerishomo.

Fatsani anakhala pansi pambali pawo.

"Tiyambire kumabatire. Munthu wanjala sayankhula. Chotsa awo, uike a mutochi, ndi atsopano."

Fatsani anasintha mabatire. Fwaaa.

"Yang'ana tizitsulo tomwe mabatire amatsamira. Mphepo ya nyanja yathuyi ili ndi mchere. Pali dzimbiri?"

"Pang'ono, amalume. Chobiriwira."

"Pala ndi mpeni, pang'onopang'ono, ngati ukupala mamba a matemba."

Anapala mpaka tizitsulo tinawala. Fwaaa.

Kenako anakankha kabatani kosinthira mbali ya masiteshoni apafupi ndi akutali, kubwereza kangapo. Anatulutsa wayilesi panja, anakwera nayo pachulu, anaitembenuzira ku phiri la Zomba, anaitembenuzira ku chilumba cha Chisi. Siteshoni ngakhale imodzi sinabwere.

"Kweza eriyo yonse," anatero a Gerishomo. "Tsopano igwire ndi chala. Phokoso lasintha?"

"Ayi."

"Siya. Gwiranso. Lasintha?"

"Chimodzimodzi, amalume."

A Gerishomo anagwedeza mutu. "Ndiye kuti kukamwa kwake kuli bwino, poti ikupuma. Chafa ndi khutu. Eriyo sikufikitsa kanthu mkati. Mwina ndi kanthu kakang'ono. Mawa m'mamawa uimange panjinga upite nayo ku Jali kwa a Che Salimu."

Fatsani anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"A Che Salimu? Amalume, kumene kuja wayilesi ikalowa imatuluka ndi ndevu! Pashelefu pawo pali mawayilesi a nthawi ya chitsamunda. Amangoti bwerani mawa, bwerani mawa. Bwanji ndingoitsekula ndekha? Kusukulu tinaphunzira za magetsi."

A Gerishomo anafufuza ndi dzanja mpaka anagwira bondo la mnyamatayo.

"Khala pansi, mphwanga, umve. Ine sindikana kuti unaphunzira. Koma mkati mwa wayilesi muli timabokosi tachitsulo tating'onoting'ono, ndipo pamwamba pa kalikonse pali kasikuluwu kopakidwa utoto, kena kachikasu, kena koyera, kena kakuda. Ukatigwira umaona ngati n'tosamanga, ngati wina anaiwala kutilimbitsa. Si choncho. Anatisiya dala pamenepo. Anthu a kufakitale anatitembenuza ndi makina awo mpaka kupeza malo enieni amene mawu amadutsira. Ukangotisuntha, njira ija yatsekeka, ndipo ndi maso sungaipezenso.

"Kumgodi kunali mnzathu wina wa ku Mulanje. Wayilesi yake inkangokokera pang'ono. Tsiku lopuma anaitsekula n'kumanga timasikuluwu tonse, akuimba mluzu, akuti akuthandiza azungu ntchito. Wayilesi ija inafika kwawo ngati bokosi losungiramo singano.

"Ndiye ndikukuuza: chivindikiro cha kumbuyo usachitsekule. Ngati a Che Salimu achedwa, achedwe. Koma chachikulu ndi ichi. Ukafika ku Jali, usanalowe n'komwe kwa a Che Salimu, ufunse m'masitolo ngati kwamveka uthenga wa kwathu. Lero sitinamvere. Mawa sitimvera. Mayi akowa sakudya. Iweyo ndiwe wayilesi yathu mpaka iyi itachira. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Mayi ake anali chiimire pakhomo ndi lichero m'manja. Anangomuyang'ana.

3. Pansi pa mkuyu

Lachisanu m'mawa Fatsani anakulunga wayilesi m'chitenje, anaimanga pakaliyala, n'kuuyamba ulendo.

Mpunga unali utacha mbali zonse, wachikasu mpaka kumene maso amalekezera. Akazi anali atawerama ndi zikwakwa. Fatsani sanaone zonsezi. Ankangoona shelefu ya a Che Salimu, wayilesi ya amalume itakhala pamenepo duu, fumbi likuikwirira, kwinaku ku Blantyre muulutsi akutchula dzina la Fatsani kwa dziko lonse, mwini wake osamva.

Pamene kanjira ka m'minda kamakumana ndi msewu wa ku Jali pali mkuyu waukulu. Fatsani anafika pamenepo n'kutsitsa phazi.

"Kungoyang'ana kokha," anadziuza. "Kuyang'ana sikuononga."

Anayala chitenje pamthunzi. Anatulutsa kampeni kake. Masikuluwu a chivindikiro anamasuka mosavuta, ngati ankamudikira.

Mkatimo munali ngati tauni yoonera pamwamba pa phiri: tinyumba, timisewu, timawaya tofiira ndi tobiriwira. Munkanunkhira fumbi lakale. Ndipo timabokosi tija tinalipodi, chimodzimodzi monga amalume ananenera.

Anaika nsonga ya mpeni pa kachikasu. Kanatembenuka mofewa.

"Aaa, si izi! N'kosamanga aka," anatero mokweza, ngakhale panalibe womumva. "Amalume zinthu zina amangoopa. Zaka zonsezi, kugwedezeka konseku, tingalephere kumasuka?"

Anamanga kachikasu mpaka kanalimba. Anatsekula wayilesi. Fwaaa, koma motsika. Anati ndiye kuti phokoso loipa likuchoka. Anamanga koyera. Phokoso linatsikanso. Mtima wake unayamba kuvina. Anafika pa kakuda, kanalimba msanga, iye n'kuonjezera mphamvu pang'ono.

Kunamveka kuti tswa.

Kasikuluwu kanang'aluka pakati, tizidutswa takuda ngati makala n'kugwera mkati.

Fatsani anaumitsa dzanja. Anatembenuza wayilesi kuti tizidutswato tigwe, ndipo m'pamene anakaona. Pakona, pansi penipeni pa eriyo, kawaya kopyapyala kanali lendelende, kataduka pamalo pake.

Anakadziwa. Masabata onsewa iye ndi amene ankanyamula wayilesi kupita nayo kumunda amalume akagona masana, kukamvera nyimbo zachikondi, akukoka eriyo ndi kuipinda uku ndi uku pothamangitsa mawu.

Kanthu kakang'ono. Amalume ananena.

Anasenda kawayako ndi mano, anakakulunga pamalo pake, anakamanga bwinobwino. Anatsekula wayilesi.

Zii.

Anagwira eriyo ndi chala. Anayendetsa singano kuyambira kumapeto mpaka kumapeto. Anamasula kachikasu, anamasula koyera, anabwezanso, anayesa pakati. Sankakumbukira kuti poyamba tinali pati. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mkuyu unasuntha n'kumusiya padzuwa, iye akupotokolabe.

Ku Jali sanapite. Akanapita nayo bwanji? A Che Salimu akanangotsekula n'kufunsa kuti wagwira muno ndani, ndipo pofika Lamulungu nkhani ikanakhala ili kutchalitchi.

Anatseka chivindikiro, anagona chagada pa udzu, n'kudikira kuti nthawi ikwane yoti munthu wochokera ku Jali azibwerera.

4. Yankho lalifupi

Atafika kunyumba, mayi ake anamuchingamira asanatsike n'komwe panjinga. Kumutu kwawo kunali mankhusu a mpunga.

"Wayenda bwanji, mwanawe? Kuli uthenga?"

Fatsani anayang'ana tcheni cha njinga.

"Kulibe, amayi."

"Wafunsa bwinobwino?"

"Ndafunsa. Akuti kulibe."

Amayi aja anapumira m'mwamba, mapewa awo n'kutsika. Anamwetulira koyamba sabata imeneyo.

"Ambuye alemekezeke. Ndiye kuti akupezako bwino mwana wanga. Khala pansi, ndakusungira mbatata."

"Nanga wayilesi wabwera nayo bwanji?" anafunsa a Gerishomo ali pakhonde.

"A Che Salimu kulibe, amalume. Akuti apita ku Zomba kukagula zipangizo."

"Chabwino. Udzapitanso Lolemba. Iike pamalo pake."

Mbatata inali yotsekemera, koma Fatsani anangoiluma kamodzi n'kuisiya. Mayi ake ankapeta mpunga akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Iye anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

5. Kutiirumu ya ku Kachulu

Loweruka masana Fatsani anasamba, anavala malaya ake oyera a kusukulu, n'kunena kuti akukaona mnzake. Anapalasa kulunjika ku doko la Kachulu. Kumeneko kunali tiirumu ya mayi Veronica, ndipo pawindo pake pankakhala kawayilesi kofiira kamene sikankatsekedwa.

Padoko panali zii. Madzi anali ataphwera kutali, kuseri kwa udzu wa njedza, ndipo asodzi ankangokhala pamabenchi kudikira mphepo ya madzulo. Mmodzi wa iwo, Rajabu, anamuona akutsika.

"Ehe! Afika a Folomu Folo! Malaya oyera ngati kakowa. Kodi lero ndi ukwati, achimwene?"

"Ndangobwera kudzamwa tiyi."

"Tiyi? Kusiya chiwayilesi cha ku Joni kunyumba kudzamvera kachitini aka? Kapena amalume akuthamangitsani, mwawathera mabatire ndi nyimbo za achemwali a ku Limbe?"

Anthu anaseka. Fatsani anakhala pafupi ndi windo. Pologalamu ya moni inali itangoyamba kumene. Muulutsi ankawerenga makadi mwanthabwala, akutchula a ku Nsanje, a ku Dedza, a ku Mzimba.

Mayi Veronica anatuluka ndi ketulo. Atamuona anaima.

"Iwe Fatsani, uli konkuno? Ndimayesa waperekeza mayi ako. Ananyamuka dzana lomwelo kapena dzulo?"

"Kupita kuti, amayi?"

"Ku Blantyre, kumene! Kwa Mariya."

Fatsani anawayang'ana kukamwa.

Mayi Veronica anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. Kuseka kwa pamabenchi kunatha.

"Usandiuze kuti simunamve. Dzana masana anaulutsa. Dzulo anabwereza, m'mawa ndi masana. Akuti a Aubrey a ku Ndirande akudziwitsa a Gerishomo a kwa Mwambo ku Zomba kuti Mariya wadwalika kwambiri, akufuna mayi ake, anyamuke msanga osadikira kanthu. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Tonse tinamva," anatero Rajabu, mawu atasintha. "Ku Jali dzulo inali nkhani ya pamsika. Ine ndinali komweko."

"Nanga bwanji simunabwere kudzatiuza?" Fatsani anakuwa.

"Kudzauza ndani? A Gerishomo?" anayankha Rajabu. "Achimwene, uthenga wa malemu bambo anga munabwera nawo ndinu, panjinga yomweyi. Ndani angaganize zopita kukauza a Gerishomo za pawayilesi? Tinkati mwamva ife tisanamve."

Mayi Veronica anakhala pabenchi moyang'anizana naye.

"Wayilesi yanu yatani?"

"Yafa."

"Liti?"

"Lachinayi."

"Ndiye kuyambira Lachinayi, mwana wamwamuna wa miyendo iwiri ndi njinga, osapita kwa anansi kukafunsa? Uli ndi mlongo wako m'chipatala? Mwana iwe, tamvera. Ine ndinaika mayi anga ndisanawaone kumaso, chifukwa uthenga unandipeza mochedwa. Palibe amene analakwa, inali mvula, milatho inakokoloka. Koma mpaka lero ndikamatsuka makapu awa ndimadzifunsa kuti kodi ankafuna kundiuza chiyani. Munthu wodwala akaitana mayi ake, sikuti akufuna phala. Matola a lero anyamuka kale. A mawa, poti ndi Lamulungu, sadziwika. Dzuka! Ukudikiranso chiyani?"

Pawindo muulutsi anakweza mawu mosangalala. "Tsopano tamvani iyi, yalembedwa ndi inki yobiriwira, yachokera ku Limbe! Mtsikana ameneyu akuti moni wake apite kugombe la..."

Fatsani anali atakwera kale njinga. Mawu otsalawo anamezedwa ndi kulira kwa tcheni ndi mphepo ya m'makutu. Sanacheuke.

6. Fumbi pamsewu

Njira ya kwawo sinatalikepo ngati tsiku limenelo. Malaya oyera aja anamatirira kumsana. Podutsa pa mkuyu uja anaweramitsa mutu. Kuchokera pamenepo kukafika ku Jali unali mtunda woti munthu amapalasa osatuluka thukuta. Akanangofika. Akanangofunsa sitolo imodzi. Bwenzi mayi ake atagona ku Blantyre dzulo, atagwira dzanja la Mariya.

Anapeza a Gerishomo atakhala pakhonde, wayilesi ili pamiyendo. Chivindikiro cha kumbuyo chinali pansi. Zala zawo zinkayenda mkatimo pang'onopang'ono, ndipo zinali zitaima pa kabokosi ka kasikuluwu kong'aluka kaja.

Anamva kulira kwa njinga koma sanadzutse mutu.

"Ndinaigwedeza ndikuipukuta, ndinamva tinthu tikulira mkati," anatero motsitsa. "Fatsani, ku Jali unafika?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye amene anakuuza kuti kulibe uthenga ndani?"

Fatsani anatsamiritsa njinga kukhoma. Mayi ake anatulukira kuseri kwa nkhokwe, lichero m'manja, nkhope ili yowala monga inalili chiyambire dzulo.

"Wabwera msanga bwanji? Taona malaya ako! Wagwa?"

Fatsani anagwada pafumbi patsogolo pawo. Mawu anatuluka oduka-duka.

"Amayi, uthenga ulipo. Unaulutsidwa dzana. Achemwali adwalika. Akufuna inu."

Lichero linapendekeka. Mpunga unakhuthukira pansi, nkhuku n'kuthamangira. Palibe amene anaziingitsa.

"Dzana," anatero amayi aja. Sanakuwe, sanamutukwane. "Dzana. Ine dzulo ndimaimba."

Analowa m'nyumba. Posakhalitsa anatuluka atamanga chitenje china m'chiuno, kathumba kali m'manja, nsapato zili kukhwapa.

"Ndikweze panjinga. Tikafike ku Jali. Ngati kulibe galimoto ndiyenda wapansi."

Fatsani anadzuka n'kugwira mahandulo. Koma a Gerishomo anakweza dzanja, mutu atapendeketsa monga ankachitira pofufuza siteshoni yakutali.

"Taimani. Mukumva?"

Onse anatchera khutu. Kunali kulira kwa injini.

Kanjira ka m'minda kameneko sikankadutsa galimoto, kupatula nthawi yogula mpunga, ndipo ogula anali asanayambe. Koma kutali, cha kumkuyu kuja, fumbi linali kukwera. Kagalimoto koyera kanali katakhota kuchoka pamsewu, kakubwera kulunjika kwawo. Sikankathamanga. Kankayenda pang'onopang'ono ngati galimoto ya maliro, kakuzemba maenje mosamala, ndipo kumbuyo kwake kunali anthu atakhala mowerama.

"Fatsani," anatero a Gerishomo, "ndiwe uli ndi maso. Tandiuza chimene ukuona. Ulendo uno unene zoona."

Fatsani anaika dzanja pamphumi n'kuyang'anitsitsa. Dzanja la mayi ake linagwira mkono wake, n'kufinya.